Chibuma Chachitatu

Kunyumba ankamutchula kuti Injiniya kuyambira tsiku lomwe anasankhidwa kupita ku yunivesite, ndipo dzinalo linamata. Babu likapsa, Injiniya. Mpopi ukayamba kudontha, Injiniya. Kufotokoza kuti iye zake n'za milatho ndi konkire kunali kutaya malovu chabe, chifukwa achemwali ake, omwe ankakhala nawo, ankati mtsikana woti wakhala pasukulu zaka zisanu sangalephere kukonza ayironi.

Lolemba lina m'mawa, mayeso omaliza atalemba kale ndipo akungodikira digiri, kunabwera imelo yochokera ku kampani ina yomanga milatho. Ankamufuna ku intavyu Lachinayi, 9 koloko. Anawerenga ataimirira pakhomo la bafa, mswachi uli m'kamwa, ndipo akanavina pomwepo pakanapanda mzere womalizira. Mzerewo unkati abwere ndi lipoti la pulojekiti yake ya chaka chomaliza, ndipo adzapatsidwa mphindi khumi zoti alifotokoze pamaso pa injiniya wamkulu wa kampaniyo.

Lipotilo linali ndi masamba 78. Masamba 77 akanatha kuwaimirira pamaso pa wina aliyense, ngakhale atamudzutsa kutulo. Vuto linali pa tsamba 41.

Pulojekitiyo anachita awiri, iye ndi mnyamata wina wa m'kalasi mwake yemwe sukulu yonse inkamudziwa ndi dzina loti Wailesi, pa chifukwa chomwe munthu ankachimva akangokhala naye mphindi ziwiri. Ankafuna kuona ngati mabotolo osweka, ataperedwa bwino, angalowe m'malo mwa gawo lina la mchenga mu konkire. Kayesedwe kake n'kodziwika. Umakanda konkire, n'kuthira m'zikombole zachitsulo, n'kupeza zibuma zofanana mbali zonse. Zibumazo zimagona m'madzi masiku 28, kenako makina amazifinya mpaka zitasweka, ndipo nambala yomwe makinawo asonyeza ndiyo mphamvu ya konkireyo. Kuti awiriwa anene kuti mabotolo akugwira ntchito, manambala a zibuma zitatu zomaliza, ukawaphatikiza n'kugawa patatu, ankayenera kufika 25.

Tsiku lophwanya zibumazo Injiniya anali chigonere ndi malungo. Wailesi anamuimbira foni ali ku labu komweko: choyamba 27, chachiwiri 26, chachitatu 17. Nthawi yoti akande zina n'kudikiranso masiku 28 inali itatha kalekale.

"Iwe chira, izi undisiyire," anatero Wailesi.

Lipoti litabwera kuti asayine, pa tsamba 41 panali 27, 26 ndi 27. Anaona, n'kusayina. Kuchokera tsiku limenelo mlanduwo anaukoloweka pa Wailesi, monga timachitira tonsefe tikapeza msomali wapafupi: wolemba bodza ndi uyo, ine ndinali kudwala. Miyezi inayi anagona bwinobwino ndi maganizo amenewo. Koma m'kalata yofunsira ntchito anali atadzitama ndi mabotolo omwewo, ndipo kampaniyo inkafuna anthu oti azikayesa konkire wa milatho yeniyeni, yodutsapo mabasi. Sipankafunika woombeza kuti adziwe tsamba lomwe akalitsegule.

Alamu ake, amuna a achemwaliwo, atamva za intavyu anasiya tiyi pakati. Iwo ankagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito pa sitolo ina yaikulu ya zovala, ndipo mwa kuwerenga kwawo anali atafunsapo anthu oposa mazana atatu. Ataweruka tsiku limenelo anakankhira tebulo lodyera pakati pa balaza, anaikapo kapu ya madzi ndi cholembera, anavala jekete ngakhale kumunsi kunali kabudula ndi masilipasi, n'kulamula mlamu wawo kuti atuluke panja agogode.

Anagogoda kasanu ndi kamodzi. Koyamba akuti anagogoda ngati wodzapempha mchere, kachiwiri ngati wapolisi. Kachitatu anagogoda bwino koma anakhala pampando asanauzidwe. Mayi a nyumba yoyandikana nayo anafika posuzumira pazenera kuti aone ngati mtsikanayo wapirikitsidwa. Achemwali, omwe anapatsidwa udindo wokhala wofunsa wachiwiri, ankasita bulauzi ya Lachinayi chakumbali, ndipo funso lawo linali limodzi lokha, loti kodi adzadya kaye asananyamuke.

Alamu anamuphunzitsa zonse. Chikwama pansi, kumanzere. Manja patebulo, osati pamiyendo. Akakupatsa madzi umwe pang'ono, usamalize kapu ngati wachokera kumaliro. Osagwedeza mwendo. Apa ndiye panavuta, chifukwa mwendo wa Injiniya unali ukugwedera wokha kuyambira m'mawa, ndipo akaugwira wakumanja unkayamba wakumanzere.

"Tsopano funso lomwe limagwetsa anthu," anatero alamu akugogoda cholembera patebulo. "Tiuzeni za nthawi ina imene munalakwitsa pa ntchito yanu."

Injiniya anaganiza za tsamba 41. Anangomva ayironi ya achemwali ikupuma nthunzi.

"Mwaona? Mwagwa kale. Pamenepo, mlamu, simunena cholakwa chenicheni, kumeneko si kolapira machimo. Mumati, vuto langa n'loti ndimalimbikira ntchito mpaka kuiwala nkhomaliro. Onse omwe ndinawalemba ntchito ananena zimenezo."

"Ndiye amaiwaladi nkhomaliro, alamu?"

"Amakhala oyamba pamzere. Koma ntchito anaipeza."

Achemwali anaseka mpaka kutsala pang'ono kuwotcha kolala. Injiniya anaseka nawo, koma kuseka kwake kunathera pamano.

Lachiwiri sanathe kukhala malo amodzi. Anatsegula lipoti ali pabedi, n'kusamukira patebulo, n'kubwerera pabedi. Anawerengetsera 27, 26 ndi 17 katatu konse, ngati kuti masamu angamumvere chisoni n'kusintha yankho, koma ulendo uliwonse zinkathera pa 23 ndi kanthu pang'ono. Chakumasana anatenga lipotilo kupita nalo ku kashopu ka pafupi ndi sukulu kuti akajambulitse kope loyera n'kuliika chikuto. Asanalowe n'komwe anamva mawu a Wailesi mkatimo, akufotokozera mwini shopu momwe angakonzere makina ake omwe sanawonongeke.

Nayenso anali ataitanidwa. Hafu pasiti eyiti, patsogolo pa Injiniya penipeni. Anali atafufuza kale zonse, monga mwa khalidwe lake: oitanidwa analipo asanu ndi atatu, malo awiri, injiniya wamkulu ndi mayi wina wosaseka. Malo awiriwo, anatero Wailesi, Mulungu anawalemba poganizira anthu awiri omwe anapera mabotolo miyezi itatu mpaka zala kung'ambika.

Atatuluka panja, aliyense kope lake lotentha m'manja, Injiniya anamukokera pambali pa khoma.

"Nanga akafunsa za tsamba 41?"

"Afunse chiyani? Manambala ali bwinobwino, atchena ngati akupita kuukwati."

"Ndikuganiza zoti tikangonena zoona."

Wailesi anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu, zomwe zinali zachilendo kwa iye. Anamukumbutsa kuti digiri anali asanalandire, mapepala adakali pa desiki ya akuluakulu a sukulu. Munthu akakayasamula kumeneko, mawa lake foni yafika kusukulu, ndiye zaka zisanu zija zapita ndi madzi, ndipo osati za munthu mmodzi yekha. Anatinso palibe amene akamange mlatho ndi mabotolo awo, linali lipoti la ana asukulu basi, lokagona pa shelefu n'kumadyedwa ndi njenjete.

"Ine sindinalembe nambala imene ija," anatero Injiniya mtima utayamba kupsa. "Unalemba ndi iwe."

Wailesi anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. 

"Eya, ndinalemba ndi ine," anatero, n'kuyamba kukamba za tayi yomwe ankafuna kukabwereka kwa msuweni wake.

Injiniya anabwerera kunyumba wapansi, ngakhale minibasi zinali mbwee pasiteji. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa mkhatewo unali wa onse awiri. Anali ndi mantha, komanso anali wokwiya, ndipo mkwiyowo unkamukomera chifukwa unkamuuza kuti iye ndi woyera.

Lachitatu anadzuka ndi ganizo latsopano, la mtundu uja umabwera munthu madzi akafika m'khosi. Bwanji ngati makina ndiwo ananama? Makina amakalamba, singano yoloza manambala imatha kukakamira. Ngati 17 uja linali bodza la makina, ndiye kuti 27 wa Wailesi sanali kutali kwenikweni ndi choona, ndipo munthu atha kuimirira pamenepo osachita chibwibwi. Anasiya kapu ya tiyi isanathe, n'kuvala nsapato ali chiimire.

Labu ya konkire inali chipinda chachitali chapansi pa nyumba ya mainjiniya, chonunkha simenti yonyowa ndi oyilo. Kumanzere kunali thanki yamadzi momwe munkagona zibuma, kumanja zikombole zosanjikizana mpaka pazenera, ndipo kumapeto kwenikweni kunali makina ophwanyira, obiriwira, okhala ndi kachitseko ka waya kotchinga zidutswa zikamathetheka. Woyang'anira malowo anali bambo wina wamfupi, wa ovololo yotuwa ndi pensulo kuseri kwa khutu, yemwe ophunzira ankangomuti bambo a ku labu. Bambowa sankabisa kuti ophunzira sawakonda. Ankati amabwera ndi manja oyera, n'kuchoka ndi manja oyera, zikombole n'kuzisiya zosatsuka.

Anawapeza akupala chikombole ndi kachitsulo. Atapereka moni, anafunsa mozungulira ngati makina aja nthawi zina salakwitsa. Akanawatukwana mwina zikanapepukako.

"Makina anga amayesedwa chaka chilichonse, chikalata ndi icho pakhomapo. Inuyo munayesedwa liti?"

Anapukuta manja pa ovololo, n'kutulutsa m'dirowa buku lalikulu la chikuto chakuda. Bambowa anali ndi lamulo lawolawo lomwe silinali m'buku lililonse la sukulu: aliyense akamaliza kuumba chibuma, azilembapo chizindikiro chake ndi msomali konkire adakali wofewa, kuti pasadzakhale zolozana zala. Wailesi ankalemba mtanda. Injiniya, mwa kunyada kwake, ankajambula kanyenyezi. Zizindikirozo bambowa ankazikopera m'bukumo pambali pa nambala iliyonse.

Anayendetsa chala chawo chokhakhala mpaka anaima.

"Gulu la mabotolo, nali. 27, mtanda. 26, mtanda. 17, kanyenyezi."

Injiniya anawerama n'kuyang'ana yekha. Kanyenyezi kanali pomwepo, ka pensulo, kopendekeka pang'ono.

"Chibuma chimenechi ndikuchikumbuka," anapitiriza bambowo. "Chitasweka mkati mwake munali mabowo ngati buledi. Wotsendera anali ndi ulendo wina. Mnzanu wolongolola uja anatola chidutswa cha chizindikirocho n'kukachiponya yekha m'bini, kenako anandipempha kuti ndisakuuzeni, akuti mukudwala. Ine nkhani za odwala sindilowerera."

Apa m'pamene tsiku lija linabwerera lonse, ngati kuti linkangodikira kuitanidwa. Konkire amathiridwa m'chikombole magawo atatu, ndipo gawo lililonse umalitsendera ka 35 ndi ndodo yachitsulo kuti mpweya utuluke. Masana amenewo Wailesi anaumba ziwiri n'kuthamangira kukasaka mabotolo ena, chomaliza n'kusiyira iye. Mikono inali itawawa, ndipo kunali kutatsala mphindi makumi awiri kuti mayeso a phunziro lina ayambe. Anathira magawo awiri m'malo mwa atatu, anawerenga mpaka pafupifupi makumi awiri, kenako pamwamba anasalaza bwino kwambiri, moti iye mwini anasirira. N'chifukwa chake anaiwala. Chibumacho chinkaoneka chokongola kuposa ziwiri zinazo.

Manyazi anamugwira kuyambira kunkhope mpaka kumapazi. Miyezi inayi yathunthu anali akumuyang'ana Wailesi ngati wakuba, pamene mnyamatayo anali atasenza katundu wa mwini wake osatchula n'kamodzi komwe, iye amene sankatha kusunga ngakhale zomwe wadya m'mawa.

"Zomwe munalemba m'lipoti mwanu sindikudziwa, ine malipoti sindiwerenga," anatero bambo a ku labu akutseka buku. "Koma chaka chilichonse pamapezeka chibuma chotere. Umangolemba kuti ichi sichinatsenderedwe bwino, tachipatula, n'kuikapo chithunzi cha mabowowo. Palibe yemwe anadulidwapo mutu chifukwa cha zimenezo."

Anabwerera ku chikombole chawo. Injiniya anathokoza, ngakhale sankadziwa chomwe akuthokoza, n'kutuluka. Mawu omalizawo ndiwo anamupweteka koposa. Njira yoongoka inalipo nthawi yonseyi, yaulere, ndipo iwo anailambalala chifukwa cha mantha a anthu awiri omwe sanafunse aliyense.

Anaimbira Wailesi atakhala pamasitepe a nyumba yomweyo.

"Ndili ku labu. Ndaona buku."

Wailesi asanayankhe, Injiniya anaponya funso.

"Bwanji sunandiuze kuti chinali changa?"

"Unali kudwala. Kenako unachira, koma lipoti linali litapita. Ndikanakuuza kuti utani nazo?"

"Mawa akandifunsa ndikanena."

"Ndiye pemphera kuti asafunse," anatero Wailesi, ndipo mawu ake anali a munthu wotopa, osati wokwiya. "Ine ndikulowa poyamba, ndipo ndikanena zomwe zili papepala. Ukanena zina, ukhala ukuwauza kuti yemwe wangotuluka kumeneyo ndi wabodza. Uganize bwino. Sindinakupemphepo kanthu chiyambire."

Zinali zoona, sanamupemphepo kanthu. Masana onse Injiniya anazungulira m'misewu yapafupi ndi sukulu, lipoti lili m'khwapa. Analowa m'sitolo ya nsapato n'kutuluka osayang'ana nsapato. Anakhala pabenchi ina, n'kudzuka mphindi zisanu zisanathe. Anaganiza zongojomba ku intavyuko, koma anaona nkhope ya achemwali ndi bulauzi yositasita ija. Anaganiza zokanena kuti sakukumbuka. Akaima mbali ya Wailesi ankaona mabasi akudutsa pamlatho womwe konkire wake wasayinira munthu woti anayamba ntchito ndi bodza. Akaima mbali ya mlathowo ankaona mnyamata akuponya chidutswa m'bini kuti mnzake wodwala asadziwe. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anafika kunyumba atavumbwa ndithu, asanasankhe ngakhale limodzi.

Alamu anali atakonza kale tebulo kuti ayeserere komaliza. Ulendo uno anagogoda bwino, anadikira kuuzidwa kuti akhale, anamwa madzi pang'ono, ndipo funso lija litabwera ananena za nkhomaliro mosadodoma. Alamu anaimirira n'kumugwira chanza, n'kuuza akazi awo kuti ntchito yapezeka, ayambe kuganiza za komwe akaike mbale zatsopano.

Lachinayi anafika itangopitirira 8 koloko. Ofesi ya kampaniyo inali pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo m'khonde munali mipando isanu ndi itatu ya pulasitiki, pakhoma zithunzi za milatho, pakona chidebe chomwe munali maambulera ndi zipewa zolimba za kumalo omanga. Wailesi anali atafika kale, tayi ya msuweni ikumufika pa lamba. Anamusungira mpando pambali pake. Sanakambirane kanthu kupatula za kuchuluka kwa magalimoto pamsewu.

Wailesi anaitanidwa hafu pasiti eyiti yeniyeni. Injiniya anatsala akuyang'ana chitseko, mwendo ukugwira ntchito yake. Anawerenga matailosi a pansi, anatsegula chikwama n'kutseka, anapita kukasamba m'manja momwe munalibe litsiro. Patatha mphindi 25 chitseko chinatseguka, Wailesi n'kutuluka thukuta lili pamphuno koma akumwetulira. Podutsa anawerama ngati akukonza chingwe cha nsapato.

"Afunsa. Ndayankha. Zatheka," ananong'ona. "Ndikudikira pageti."

Mkatimo munali anthu atatu, koma wofunika anali mmodzi, ndipo sizinkachita kufunsa. Anali mayi wa imvi zometedwa mwachidule, atavala jekete yabwino pamwamba, kumapazi majombo okhala ndi matope ouma. Momwe Injiniya anagogodera, momwe anaikira chikwama, mayiwo sanayang'ane n'komwe. Anangoloza mpando ndi cholembera n'kuti mphindi khumi zayamba.

Anafotokoza bwino. Mabotolo ankawadziwa, kaperedwe kake, kasefedwe kake, chifukwa chomwe galasi losalala limavutira kugwirana ndi simenti. Bambo wina wa kumanzere ankagwedeza mutu n'kumalemba. Atamaliza, mayi aja anakoka lipoti, osayamba patsamba loyamba ayi, anangotsegula pakati ngati munthu wodziwa nyumba.

"27, 26, 27. Zibuma zotsendera pamanja, za ana asukulu, zokhala ndi magalasi mkati, n'kutuluka zofanana ngati zabadwa tsiku limodzi. Ine zaka makumi atatu sindinazionepo. Mnzanu wati ndi kusamala pa ntchito. Inu mukuti bwanji?"

Yankho linali litayalidwa kale, chongofunika n'kuvomereza. Mawu amodzi okha, ndipo Wailesi anali atamulambulira njira kachiwiri. Injiniya anaona kuti mwendo wake wasiya kugwedera.

"Chachitatu chinali 17, mayi."

Bambo wa kumanzere anasiya kulemba. Injiniya anafotokoza zonse mwadongosolo, monga anafotokozera za mabotolo: magawo awiri m'malo mwa atatu, kutsendera koperewera, mabowo, buku la ku labu. Ananena kuti anaumba chibumacho ndi iye, ndipo anasayina lipoti akudziwa kuti nambala si imeneyo. Anayesetsa kuti nkhani yonse ikhale pamutu pake, ndipo kwa kanthawi anaganiza kuti zatheka.

"Anasintha nambala ndani?"

"Tinasayina tonse awiri, mayi."

"Sindinafunse za osayina. Mnzanu amene wangotuluka kumeneyu, yemwe wandiyang'ana m'maso n'kunena za kusamala, akudziwa kuti ndi 17?"

Apa panalinso khomo lina, laling'ono, loti angonena kuti sakudziwa kanthu, ndinasintha ndekha. Analiona bwinobwino. Koma anali atangotula bodza limodzi, ndipo analibe mphamvu yonyamula lina pamaso pa mayi amenewa.

"Akudziwa."

Mayiwo anatenga pepala lina lomwe linali kudzanja lawo lamanja, analiyang'ana pang'ono, n'kuliika kumanzere chafufumimba. La Injiniya analisiya pomwe linali, pakati. Anafunsa ngati akusukulu akudziwa, ndipo atamva kuti ayi anati adziwe kuchokera kwa eni ake sabata yomweyo, asanadziwe kuchokera kwa iwo. Za ntchito sanalonjeze kanthu. Anangoti amva kuchokera ku ofesi, n'kuuza mlembi kuti aitane wotsatira.

Masitepe otsikira anali 44, anawawerenga onse. Wailesi anali pageti, tayi atamasula, m'manja muli mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi. Atangomuona anayamba kulongosola momwe anawazunguzira mutu ndi nkhani ya kasefedwe, momwe bambo wa kumanzere uja anasekera, ndi momwe awiriwo azidzakwerera galimoto ya kampani atavala zipewa zoyera. Anamupatsa botolo limodzi, lozizira mpaka kuwawa m'manja.

"Ndawauza," anatero Injiniya.

Wailesi anaima botolo lili pafupi ndi pakamwa.

"Zonse?"

"Anafunsa ngati ukudziwa. Ndati ukudziwa. Akuti tikanene kusukulu sabata ino."

Sanakalipe. Injiniya ankafunitsitsa atakalipa, atamutukwana pamaso pa mlonda wa pageti, koma mnyamatayo anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuika botolo lake pa khoma la mpanda. Anavula tayi, anaipinda bwinobwino monga umachitira ndi chinthu cha eni, n'kuiika m'thumba. Kenako foni yake inalira. Anayang'ana dzina la woimba, anatsokomola kawiri, n'kuyankha ndi mawu owala ngati palibe chachitika.

"Mayi. Eya, ndatuluka kumene. Zayenda bwino, bwino kwambiri. Akuti atidziwitsa." Anamvetsera pang'ono. "Eya, ali pompano. Nayenso zamuyendera."

Anachotsa foniyo pakhutu n'kuilozetsa kwa Injiniya, maso ali kumsewu.

"Akufuna akupatse moni."

Anailandira ndi manja awiri. Mayi a Wailesi anali asanawaonepo, koma iwo ankalankhula ngati amudziwa kuyambira ali wakhanda. Anati mwana wawo sasiya kumutchula, anati akudziwa kuti pakanapanda iye mnyamata wawo wosakhazikikayo sakanamaliza sukulu, ndipo anamupempha kuti akakayamba ntchito kumeneko apitirize kumuyang'anira.

"Ndamva, mayi," anatero Injiniya.